Mphete Yosowa pa Phiri la ku Chiang Mai

Lachisanu ndi tsiku langa la ofu, ndipo pa ofu ine sindiyankha foni ya munthu, ngakhale woimbayo atakhala mngelo. Koma iyi inalira kanayi ndili m'bafa, sopo ali m'maso, mpaka ndinatuluka ndi thawulo ndikufunsa kuti wafa ndani.

Anali Upile, mwana wa achimwene anga. Ndinamuitanitsa ndekha kuchokera ku Ntaja chaka chatha kuti adzalere mwana m'nyumba ina ya ku Al Markhiya, mu Doha muno.

"Azakhali, bwerani. Madamu akuti akabwera folo koloko mphete isanapezeke, aitana apolisi."

"Mphete yanjinso? Iwe si wangobwera kumene kuchokera ku holide? Ine ndikudikira mphatso, iwe ukundigawira apolisi?"

Sanaseke. Upile amaseka ngakhale ndikangoyetsemula, ndiye ndinadziwa kuti zavuta.

Kuno ku Doha wantchito wa m'nyumba akangotengedwa pa mlandu wakuba, sabwerera kudzatenga ngakhale mswachi. Amachoka m'chitokosi n'kulunjika ku eyapoti, ndipo mbiri imafika kumudzi ndege isanatere. Ine Maness ndachapa ndi kusita ku Al Messila zaka khumi ndi chimodzi osasowetsa ngakhale sokosi imodzi. Achimwene anandipatsa mwana wawo m'manja. Ndikanawabwezera ali ndi dzina la wakuba?

Diresi ndinavala mozondotsa. Ndinazindikira ndili kale m'takisi.

*

Ndinafika leveni koloko itadutsa. Eni nyumba anali atapita kukadya kwa abale awo, monga amachitira Lachisanu lililonse. Upile ndinamupeza m'chipinda chochapira, atakhala pa ndowa, maso ofiira ngati tomato.

"Yamba poyambira," ndinatero. "Ndipo usalire. Dziko lino madzi ake ndi amchere kale."

"Tinapita ku Chiang Mai, ku Thailand. Bwana, Madamu, mwana, ine, a Olive ophika, ndi a Wickson adalaivala, iwo anapita kukanyamula zikwama. Azakhali, dziko lobiriwira ngati ku Zomba! Mvula yeniyeni, yonunkhira dothi. Tsiku loyamba ndinaima pamvula dala."

"Ndafunsa za mvula ine?"

"Tsiku lomaliza tinapita ku kachisi wawo wa paphiri. Masitepe mazana atatu, uku njoka yamiyala, uku njoka yamiyala, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pamwambapo amavulitsa nsapato wina aliyense, ngakhale Bwana. Ine diresi yanga inalekeza m'mawondo, ndiye mayi wa pakhomo anandibwereka nsalu kuti ndimange m'chiuno. Mkatimo, Azakhali, golide! Chinthu chachitali ngati nyumba yosanja, golide yekhayekha, maso mpaka kuwawa. Anthu akuchizungulira phee, maluwa ali m'manja."

"Mphete, mwana iwe. Mphete."

"Madamu zala zinatupa ndi kutentha. Anavula mphete ija ya malemu mayi awo, yamwala wobiriwira, n'kundipatsa. Chikwama chawo chinali kunja ndi a Wickson. Anangoti, gwira."

"Unagwira. Unaika pati?"

Anayang'ana pansi. "Ndimaganiza kuti m'chikwama cha mwana."

"Umaganiza?"

"Patangopita kanthawi anthu anayamba kuliza mabelu. Alipo ambirimbiri, mzere wonse. Mwana anadzidzimuka, kukuwa, kenako anadziipitsira. Ndinathamanga naye. Nsalu ndinaiponya m'dengu la pakhomo, mmene onse amabwezera, nsapato ndinavala ndikuyenda. Madzulo ku hotela Madamu anafunsa ngati mphete ili bwino, ine ndinati eya, ili m'chikwama."

"Unayang'ana?"

"Ayi."

Apa ndiye panali pa bala. Anavomera yekha kuti analandira, ananenanso yekha kuti ili bwino. Atafika ku Doha Lachiwiri, Madamu anaitanitsa mphete, m'chikwama munalibe. Anasecha chikwamacho katatu, anasecha chipinda, anatembenuza matiresi. Madamu anamulanda mwana n'kumupereka kwa agogo ake. Masiku atatu Upile anali akugona ndi nsapato kumapazi, kudikira kugogoda kwa apolisi.

"Ndani anali pafupi nawe paphiripo?"

"Palibe. A Wickson anatsala pa nsapato. A Olive sanakwere n'komwe."

"Munthu kukwera ndege maola asanu ndi awiri n'kukanika masitepe?"

"Akuti ndi nyumba ya mafano."

*

Pakhomo la kitchini ndinapunthwa pa masilipasi achikasu, lamba wina wosokedwa ndi ulusi wofiira. Ndinawatukwana ndi mtundu wawo womwe, n'kulowa.

A Olive anali akudula anyezi, chitenje chili m'chiuno, nyimbo ya kwaya ikulira pa foni. Ndi mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu, wochokera ku Ntcheu, zaka zisanu ndi zinayi akuphika m'nyumba imeneyi. Akamayankhula umakhala ngati uime kuti ulandire madalitso.

"Anti Maness, mwabwera pa nthawi ya mayesero."

"Ndabwera pa nthawi ya tiyi, koma poti mwatero. Ndimveko za ku Thailand."

Anaika mpeni pansi. "Dziko lija likufunika mapemphero. Anthu ake aulemu, sindikana. Ukangowayang'ana aphatikiza manja, aweramitsa mutu, ngakhale mwana wogulitsa madzi. Koma pakhomo lililonse pali kanyumba pamtengo, ngati ka nkhunda, akuti ka mizimu. Aikapo nthochi, aikapo maluwa, aikapo chakumwa chofiira m'botolo, mpaka kapaipi komwera. Mzimu womwera pa kapaipi, Anti!"

"Mwina unafa wopanda mano."

"Musaseke. M'mawa uliwonse ansembe awo ometa mpala akuyenda opanda nsapato, mbale zili m'manja, azimayi akugwada mumsewu kuwapatsa mpunga. Ine ndinkatseka katani."

"Nanga munawaona bwanji katani ili yotseka?"

"Ndinkatseka nditaona."

"Paphiri paja simunakwere?"

"Phazi langa silinaponde ngakhale sitepe imodzi. Ndinatsala pansi, pomwe amayi amagulitsa chimanga chootcha. Onani." Anapukuta manja n'kundionetsa foni. Pa gulu lawo la mapemphero, la Amalawi a kuno, anali atalemba kuti ena akukwera kukaona mafano koma iye waima pa Thanthwe. Uthengawo unapita teni koloko isanakwane, ndipo pansi pake panali maameni makumi awiri.

"Umboni wamphamvu," ndinatero. "Nanga Upile mukumuona bwanji?"

"Mwana wabwino. Koma golide ndi golide. Ndamuuza kuti avomere, Madamu mwina amva chisoni." Anatolanso mpeni. "Komatu pali wina amene anatsala ndi zikwama. Mwamufunsa?"

*

Wickson amagona m'kachipinda ka pageti. Anali atatula mabwana kwa abale awo, akudikira hafu pasiti fili kuti akawatenge. Ndinamupeza atagona chagada, atavala buluku lotaya lojambulidwa njovu kuyambira m'chiuno mpaka m'akakolo.

"Mwamuna wanga wa pa ofu," ndinatero, "akuveka chiyani? Nsalu ya pawindo?"

"Anti, iyi ndi fashoni ya ku Thailand. Dziko lija ndi levulo ina. Ine ndakwera tukutuku, kanjinga ka mawilo atatu kokhala ndi denga, dalaivala wake sadziwa kuti kunja kuno kuli imfa. Monga dalaivala mnzake ndinamuvulira chipewa. Njovu nazo! Kwathu ku Liwonde njovu ikakuyang'ana umayamba kulapa, uko ikukupempha nthochi, ukuisambitsa ndi bulashi ngati galimoto. Pamsika akukazinga ziwala, Anti, ziwala zenizeni! Azungu akujambula, akukuwa. Ine ndinagula pepala lodzaza n'kudya chiimire. Mayi wogulitsa anandiombera m'manja. Bwana anandiyang'ana ngati ndameza mwana wake."

"Mphete unamezanso?"

Anadzuka. "Ndani wanena? A Olive? Walahi, Anti, chikwama cha mwana sindinachikhudze, chinali paphewa pa Upile. Ine ndinali pa dyute ya nsapato."

"Anakuika ndani pa dyuteyo?"

"Ndinadziika ndekha. Anthu mazanamazana kuvula nsapato n'kuzisiya pamtetete, popanda mlonda! Ndinati anthu awa sanafikepo mu Limbe. Za Bwana zokha zikhoza kugula ng'ombe. Ndinazindandalika pamalo amodzi n'kuzijambula, kuti ikasowa imodzi ndikhale ndi umboni."

"Ndiye sunasunthe."

"Sindinasunthe kwenikweni."

"Kwenikweni ndi mamita angati?"

Anakanda m'mutu. "Anti, munthu ufike pakhomo la golide n'kumangoyang'ana nsapato za eni? Ndinalowa pang'ono. Teni minitsi. Mwina thwente. Zanga ndinazipana m'khwapa."

"Unajambula mkatimo?"

Funso limenelo kwa Wickson lili ngati kufunsa nkhuku ngati imadya chimanga. Anatulutsa foni. Ndinaona mabelu, ndinaona maambulera agolide, ndinaona Wickson ataphatikiza manja, Wickson atagwada, Wickson ataloza kumwamba. Nthawi inali ikuthamanga, ine ndikuona mano a Wickson maulendo makumi asanu. Kenako panabwera china: Bwana ndi Madamu ataima patsogolo pa chinthu chagolide chija, dzanja la Madamu lili pachifuwa, lopanda mphete. M'mphepete mwa chithunzicho munali Upile, mwana ali pambali, nsalu yabuluu yamaluwa oyera ili m'chiuno.

"Kulitsa apa."

"Pa Madamu?"

"Pa chiuno cha Upile."

"Anti!"

"Kulitsa, chitsiru iwe, sindikukufunsira mbeta."

Anakulitsa. Pansonga ya nsaluyo, pomwe inkalendewera pantchafu, panali kamfundo kolimba, kotupa ngati muli mtedza.

*

Sindinamuuze kanthu Upile. Munthu wamantha ukamufunsa ngati anachita chakuti, amavomera ngakhale kuti anapha mfumu. Ndinalowa m'chipinda chochapira, Wickson ali pambuyo, n'kumupeza akupinda matawulo atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Ndinavula ndolo imodzi.

"Gwira iyi, khutu likuyabwa."

Analandira. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinakuwa ngati ndaona njoka: "Mayo! Makina akutaya madzi!"

Analumpha, kuthamangira kuseri kwa makina, kutseka mpope, kugwada pansi kufufuza. Pansi panali pouma ngati m'chipululu.

"Ndolo yanga?"

Anayang'ana m'manja. Munalibe. Anayang'ana pa matawulo, pa ndowa. "Azakhali, ndinali nayo pompano..."

Ndinagwira nsonga ya chitenje chake n'kumuonetsa. Kamfundo kanali pomwepo, ndolo ili mkati.

Ndi mmene amachitira amayi ake, ndi mmene ndimachitira ine. Mkazi wa kwathu thumba lake ndi nsonga ya nsalu. Ukamupatsa kanthu, manja amamanga okha mutu uli kwina. Koma manjawo sadziwa kuti nsalu iyi ndi yobwereka.

Upile anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ndinaiponya m'dengu. Mphete yatsala ku Thailand."

Inali hafu pasiti thu. Ndinali nditapeza choona, koma choona chopanda ntchito. Ukauze mayi amene wataya mphete ya malemu mayi ake kuti ili m'dengu, paphiri, kutsidya kwa nyanja? Akanaimba foni ndisanamalize.

"Tikhoza kuimbira ku hotela," anatero Wickson, "atumize munthu akaone. Dengulo ndili nalo, likuoneka pa chithunzi chachiwiri cha nsapato."

"Chachiwiri?"

"Nditatuluka mkati muja ndinajambulanso, kuti ndifananize ndi choyamba."

Anandionetsa. Dengu linalipodi, lalikulu, kuseri kwa benchi. Koma maso anga sanapite ku dengu. Ndinamuuza kuti abwerere ku choyamba. Za Bwana, za Madamu, za Upile, tinsapato ta mwana. Anthu anayi. Ndinati apitenso ku chachiwiri.

"Wickson, kodi ku Thailand nsapato zimaswana?"

Kumapeto kwa mzere, moyandikana bwinobwino ndi za Upile, kunali masilipasi achikasu, lamba wina wosokedwa ndi ulusi wofiira.

Wickson anatsegula pakamwa. "Ine ndinkayang'ana zosowa, Anti. Zowonjezereka sindinaziwerenge."

Munthu wa kwathu sangasiye nsapato pakati pa za anthu osawadziwa. Ngakhale akuzemba, amafunafuna za abale ake kuti aike pambali pake.

*

Wickson ndinamulanda foni n'kumuuza kuti akatenge mabwana, koma ayendetse ngati wanyamula mazira. Upile ndinamuuza kuti asatuluke. Ine ndinabwerera ku kitchini.

Chithunzi chokha sichikanakwana. Munthu akhoza kukwera phiri mobisa osaba kanthu. Koma mfundo ya Upile ndimaidziwa, ndinamuphunzitsa ndine: simasulidwa ndi zala, imafuna mano ndi nthawi. Pakhomo podzaza anthu, wotola analibe zonse ziwiri. Ndiye anatenga nsalu yonse. Ndipo mkazi wa kwathu amataya mwamuna, amataya ntchito, koma nsalu yabwino sataya.

"A Olive, tiyi uja."

Anandithirira wamkaka, wotentha. Ndinamwa kamodzi, ndinadikira kuti azizireko, poti sindine wopusa, kenako ndinadzikhuthulira yense pachifuwa.

"Mayo ine! Ndapsa! Chitenje, a Olive, chitenje!"

Chipinda chawo chili kuseri kwa kitchini. Ndinalowa ndikuvula diresi, iwo akundithamangira. Anatola chitenje pabedi n'kundiponyera.

"Cha mpingo ichi? Chokhala ndi mavesi? Ine wochimwa ndikavala ndiyaka moto. China!"

"Anti, dikirani..."

Ndinali nditagwada kale, sutikesi nditaikoka pansi pa bedi. Nkhalamba yovula theka palibe amene amaigwira. Ndinatulutsa madiresi, sopo wonunkhira maluwa, timaambulera ta pepala, buluku la njovu ngati la Wickson. Pansi penipeni panali nsalu yabuluu yamaluwa oyera, yochapidwa, yositidwa, yopindidwa mwaulemu.

Ndinaitambasula. M'mphepete munali nambala yolembedwa ndi penti, pamodzi ndi zilembo zawo zopotanapotana zija. Ngodya imodzi inali yodulidwa ndi sizasi, n'kupindidwa bwino ndi ulusi wofiira.

"Ndinagula pamsika," anatero a Olive.

"Amagulitsa za nambala? Za ngodya zitatu?"

"Inali yotsika mtengo."

Ndinawaonetsa foni ya Wickson. Anayang'ana masilipasi awo nthawi yaitali, ngati akuyembekeza kuti ayenda okha n'kutuluka m'chithunzimo. Ine sindinkayang'ana nkhope yawo. Ndinkayang'ana dzanja. Linatsika lokha, pang'onopang'ono, n'kukagwira m'chiuno, pomwe nsonga ya chitenje chawo inapisidwa mkati.

"Tiyeni tipemphere, mlongo," ndinatero, n'kuwakumbatira. Dzanja langa linafika pomwe panali lawo. Mfundo yawo inali yofewa, ya anthu a ku Ntcheu, sinafune n'komwe mano. Mphete inagwera m'dzanja langa, mwala wake wobiriwira ngati tsamba la mpiru.

Anakhala pabedi. Kwaya inali ikuimbabe ku kitchini.

"Sindinapite kukaba," anatero motsitsa mawu. "Ndinangofuna kuona. Aliyense wotsika ankabwera nkhope ikuwala, ine ndili pa chimanga. Ndinati ndisuzumire kamodzi, palibe adziwe. Ndinaima kuseri kwa mabelu. Anti, ndi kokongola. Mulungu andikhululukire, ndi kokongola. Ndinaona Madamu akumupatsa, ndinaona akumanga, ndinaona akuponya m'dengu. Ndinatola kuti ndimusungire."

"Mwasunga bwino. Mpaka sizasi."

"Ndikanabweza bwanji osanena kuti ndinakwera? Gulu lonse linali litanena ameni. Ndinati mawa. Mawa lake tili m'ndege. Tikufika kuno Madamu akukuwa, ndiye ndikanatulutsa pamenepo ndikanakhala wakuba ndine." Anapukuta mphuno. "Zaka zisanu ndi zinayi ndikuphika muno, sanandipatsepo ngakhale wotchi kuti ndigwire. Uyu wabwera dzulo."

"Ndiye munamuuza kuti avomere."

Kenako anandigwira mkono. "Tiike m'chikwama cha mwana, m'kati mwa nsalu yake. Tinene kuti inabisala. Palibe amangidwe, tonse ndife Amalawi."

Ndisaname, ndinaganizapo. Koma chikwama chija anachisecha katatu. Mphete ikanapezeka mmenemo lero, ola limodzi apolisi asanaitanidwe, Madamu akanati Upile wabweza chifukwa cha mantha. Akanapulumuka chitokosi, koma ndege akanakwera, ndipo dzina likanamutsatira mpaka ku Ntaja.

"Umalawi munauiwala Lachiwiri," ndinatero. "Ndibwerekeni diresi."

Kunja hutala inalira. Geti linayamba kutseguka.

*

Madamu ndi mayi wamtali, wosakonda mawu ambiri. Analowa ku kitchini chovala chawo chakuda chikukwekwereza pansi, foni ili kale m'manja. Bwana anangodutsa kupita m'mwamba, nkhani za antchito si zawo. Anatiyang'ana tonse: Upile pakhomo, a Olive pafupi ndi sinki, Wickson akusuzumira pawindo, ndi ine nkhalamba yachilendo m'diresi ya wophika wawo.

Timamvana nawo pa Chingerezi chothyokathyoka, chawo ndi chathu n'chimodzimodzi. Sindinataye nthawi. Ndinayala nsalu patebulo, ndinaika foni ya Wickson pambali, mphete pakati. Ndinaloza kamfundo pa chithunzi, ndinaloza masilipasi, ndinaloza ngodya yodulidwa. Kuti amvetse, ndinatenga supuni ya tiyi n'kuimanga pansonga ya nsalu, kuwaonetsa mmene timachitira.

Anatola mphete, anaitembenuza, anaipsompsona. Anaivala. Zala zinali zitaphwa, inalowa bwinobwino.

A Olive anagwada n'kuyamba kulankhula, Chingerezi, Chichewa, mavesi, zonse pamodzi.

"Halasi," anatero Madamu, kutanthauza kuti basi, ndipo a Olive analekeza pomwepo.

Anatembenukira kwa Upile. Anamuyang'ana kuyambira kumaso otupa mpaka ku nsapato.

"Ndinakutcha wakuba pamaso pa mwana wanga," anatero. "Ndinalakwa. Mwana akubwera madzulo, wakhala akulira dzina lako." Anakweza foni. "Uyu m'nyumba mwanga sakhalanso. Koma wagona masiku atatu ukudikira apolisi ndiwe, si ine. Sankha. Ndiimbe foni, kapena ndimugulire tikiti apite kwawo mwakachetechete?"

A Olive anatembenuka ali chigwadire. "Upile, mwana wanga. Mng'ono wanga."

Ine ndinkadziwa kuti mwana wa achimwene ndi wofewa ngati papaya lakupsa. Ndinayembekeza kuti agwada nawo, alire nawo, mwina apepese ndi iye. Koma anaima chilili. Anayang'ana a Olive, anayang'ana nsalu patebulo.

"Ndiganize kaye, Madamu," anatero. "Ndiyankha Lolemba."

Madamu anakweza nsidze. Anawerenga ndi zala, Loweruka, Lamlungu, Lolemba, kenako anaika foni m'chikwama. "Lolemba," anatero, n'kutuluka.

Upile anandiperekeza mpaka pageti. Dzuwa linali likuwotchabe, takisi ikuchedwa. Ndinamuyang'ana cham'mbali.

"Iwe, apolisi a kuno si masewera. A Olive aja ali ndi ana kwawo."

"Ndikudziwa, Azakhali. Ndasankha kale. Tikiti."

"Nanga bwanji osanena?"

Anawerama, anavula nsapato zake koyamba kuyambira Lachiwiri, n'kuzigwira m'manja. Simenti inali yotentha koma sanasunthe.

"Adziwa Lolemba," anatero.